Kupuma pa Ntchito Mudakali ndi Mphamvu: Kasungidwe ndi Kachulukitsidwe ka Chuma m'Chigwa cha Shire

Anthu ambiri olembedwa ntchito m'chigwa muno, kaya ndi kuminda ya nzimbe ku Nchalo, kusukulu ina ku Ngabu kapena kumaofesi a boma ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kupatula ndalama amatha ndithu. Pamene pamavuta ndi pa kusunga mphamvu ya ndalamazo kufikira tsiku lomwe zidzafunike. Mphunzitsi amaponya kangachepe kubanki mwezi ndi mwezi kwa zaka zisanu, koma pokatapa amapeza kuti ndalama zomwe poyamba zikanafolera nyumba yonse tsopano zikugula malata a mbali imodzi yokha. Mnzake amaika zonse mu ng'ombe, ndipo mtsinje wa Shire ukasefukira khola lonse limapita usiku umodzi. Wina amalandira ndalama zopumira pa ntchito, nagula minibasi yakale, ndipo pakatha zaka ziwiri mumamuona akufunafuna ntchito ya ulonda.

Malangizo ali m'munsiwa ndi a munthu amene akufuna kufika poti chuma chake chizibala zokwanira kudyetsa banja, kuti adzathe kusiya ntchito yolembedwa ali ndi zaka 45 kapena 50 m'malo modikira kuti ukalamba kapena matenda zimuchotse. Ulendowu umatenga zaka 15 kapena 20, nthawi zina kuposerapo, ndipo aliyense amene angakuuzeni kuti akudziwa njira yachidule mumuchenjerere.

Zofunika kukhala nazo musanayambe

- Kope lachikuto cholimba ndi cholembera, zosagwiritsidwa ntchito ina iliyonse.
- Chiphaso cha unzika chomwe masiku ake sanathe, chifukwa popanda icho simungatsegule akaunti kubanki kapena kugula masheya, omwe ndi zigawo za umwini wa makampani.
- Akaunti ya kubanki, ndiponso nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yolembetsedwa m'dzina lanu.
- Mapepala a malipiro anu a miyezi isanu ndi umodzi yapitayi, pamodzi ndi sitetimenti yaposachedwa ya penshoni.
- Mndandanda wa ngongole zonse, ngakhale zomwe akunyumba kwanu sakuzidziwa.
- Chidebe cha pulasitiki chotseka bwino chosungiramo mapepala onsewa, choikidwa pamwamba pomwe madzi sangafike.
- Chimvano ndi amuna anu kapena akazi anu. Ichi sichigulidwa, koma chikasowa zina zonsezi zimangokhala mapepala.

Gawo 1: Lembani zonse zotuluka kwa chaka chathunthu

Madzulo alionse lembani m'kope ndalama iliyonse yomwe yatuluka m'nyumba, kuyambira ya chigayo, ya kabaza ndi ya mayunitsi a foni, kufikira fizi, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, chipepeso cha pamaliro ndi yomwe mwatumizira mayi kumudzi. Mwezi umodzi sukwanira, chifukwa moyo wa m'chigwa suyenda mofanana chaka chonse. Mu Seputembala sukulu zimatsegulira, mu Okutobala ndi Novembala pamafunika mbewu ndi aganyu, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale chimanga chimakhala pa mtengo wake wokwera kwambiri, pomwenso malungo amakhala ali pachimake.

Zokolola zanu zomwe mwadya muzilembenso pa mtengo wa pamsika. Mapira, mbatata za kudimba ndi mbuzi yomwe mwapha pa Khirisimasi ndi chuma chomwe banja lagwiritsa ntchito, ndipo chaka chomwe munda udzakanike mudzayenera kuzigula.

Chenjezo: Ambiri amalemba bwino za ndiwo ndi sopo, koma amadumpha za mowa, za kubetcha mpira ndi zomwe amapereka mobisa kwa abale. Kope lomwe lili ndi mipata yotereyi limakupatsani chiwerengero chabodza, ndipo magawo onse otsatirawa amamangidwa pa chiwerengero chimenecho.

Gawo 2: Werengerani kukula kwa chuma chomwe mukufuna

Anthu ofuna kupuma msanga m'maiko ena amagwiritsa ntchito kawerengedwe komwe kanachokera pa kafukufuku amene William Bengen anafalitsa ku America mu 1994. Iye anapeza kuti munthu akatapa 4 peresenti ya chuma chake m'chaka choyamba, n'kumawonjezera chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo, chumacho chikhoza kumusunga zaka 30. Tanthauzo lake n'lakuti chuma chofunika ndi ndalama zomwe mumagwiritsa ntchito pachaka kuziwirikiza ka 25.

Tiyerekeze kuti kope lanu likusonyeza K400,000 pamwezi. Pachaka ndi K4,800,000, ndipo kuwirikiza ka 25 kukupatsani K120,000,000. Chiwerengerochi chimagwetsa ulesi, koma musatseke kope, popeza munthu wa m'chigwa sadalira ndalama za kubanki zokha. Ngati munda, khola ndi nyumba ya lendi zingabweretse K250,000 pamwezi, mpata wotsala ndi K150,000, womwe pachaka ndi K1,800,000, ndipo kuwirikiza ka 25 ndi K45,000,000. Phirilo lafupika, ngakhale kuti likadali phiri.

Apa m'pofunika kudekha, chifukwa kawerengedweka kanapangidwira dola ndi misika ya ku America, komwe mitengo imakwera pang'ono pachaka. Kwathu kuno mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera kupitirira 20 peresenti pachaka. Pali njira yapafupi yoonera kuopsa kwake: gawani 72 ndi kakwereredwe ka mitengo pachaka, ndipo mupeza zaka zomwe zimatenga kuti mitengo iwirikize kawiri. Mitengo ikamakwera ndi 24 peresenti, thumba la simenti lomwe mukugula lero lidzakhala pa mtengo wowirikiza pakangotha zaka zitatu. Choncho K45,000,000 ija ndi ya lero lokha, ndipo chaka chamawa muyenera kuiwerengeranso. Komanso munthu wopuma ali ndi zaka 45 akhoza kukhala moyo zaka zoposa 30, n'chifukwa chake ine ndimalangiza kuwirikiza ka 30 m'malo mwa ka 25.

Chenjezo: Powerengera zomwe munda ndi khola zimabweretsa, tengani chaka choipa, osati chaka chomwe thonje kapena chitowe chinagulidwa bwino. M'chigwa muno chaka choipa si chachilendo.

Gawo 3: Thetsani katapila musanayambe china chilichonse

Palibe masheya, ng'ombe kapena nyumba ya lendi yomwe ingabale phindu lofanana ndi chiwongoladzanja cha katapila, chomwe nthawi zina chimafika theka la ndalama zomwe mwabwereka pa mwezi umodzi wokha. Ndandalikani ngongole zanu kuyambira ya chiwongoladzanja chachikulu, ndipo ndalama iliyonse yapadera iziyamba yapita kumeneko pamene zinazo mukungobweza gawo lomwe munagwirizana. Ngati khadi lanu la kubanki lili m'manja mwa wakatapila, kuliwombola ndiyo ntchito yoyamba, ngakhale zitafunika kugulitsa mbuzi ziwiri.

Chenjezo: Kubwereka kubanki m'khonde kuti mubweze katapila, kenaka n'kubwerekanso katapila kuti mubweze kubanki m'khonde, n'kungosamutsa dzenje. Ngongole yabanki m'khonde nayo chiwongoladzanja chake chimawerengedwa pamwezi, ndipo mukachiwerengera pachaka chimaposa cha kubanki kutalitali.

Gawo 4: Mangani thumba la pangozi

Madzi anasefukira koopsa mu Januwale 2015, namondwe wa Idai anafika mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 pomwe anawononganso malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023. Pakati pake panali chilala cha 2016, ndipo cha 2024 chinatsatira. Munthu amene akukonza za zaka 20 zikubwerazi ayenera kuyembekezera kuti zoterezi zidzamupeza kangapo, ndipo akakhala wopanda thumba la pangozi adzagulitsa chuma chake pa mtengo wolira nthawi iliyonse zikachitika.

Sonkhanitsani ndalama zokwanira kusunga banja miyezi isanu ndi umodzi, ndipo muzigawe patatu. Gawo lalikulu likhale kubanki, mu akaunti yomwe mungatape tsiku lililonse. Gawo laling'ono likhale pa foni, kuti mukhoza kulipira bwato kapena kugula ufa muli kumsasa. Kangachepe kakhale m'manja, m'chidebe chija, popeza msewu ukaduka netiweki imathanso kusowa, ndipo maejenti amatha ndalama msanga. Pamwamba pa izi, gulani chimanga kapena mapira chakumapeto kwa nyengo yokolola pomwe mitengo yatsika, musunge m'matumba osalowa mpweya a PICS kuti anankafumbwe asalowe, ndipo muwaike pa thandala lokwera.

Ndalama za m'thumbali zizichepa mphamvu chaka ndi chaka, ndipo zimenezo muzivomereze ngati mtengo wa chitetezo. Chofunika n'kuziwonjezera nthawi iliyonse mitengo ikakwera.

Gawo 5: Patulani tsiku lomwe mwalandira

Kukula kwa gawo lomwe mumapatula ndiko kumanena tsiku lomwe mudzapume, kuposa kukula kwa malipiro. Wopatula 10 peresenti amagwira ntchito zaka zisanu ndi zinayi kuti asunge za chaka chimodzi, wopatula 25 peresenti amagwira zaka zitatu, ndipo wopatula theka amasunga za chaka chathunthu m'chaka chimodzi. Yambani pomwe mungathe, ngakhale pa 10 peresenti, ndipo malipiro akakwezedwa theka la chowonjezeracho lizipita kosunga banja lisanazolowere. Uzani banki kuti izisamutsa yokha ndalamazo tsiku la malipiro, chifukwa zodikira kutha kwa mwezi sizipezeka.

Odula nzimbe ndi ena olembedwa pa sizoni ayenera kuwerengera mosiyana: malipiro a miyezi yomwe akugwira ntchito awagawe pa miyezi 12, ndipo chopatulacho chichoke pa gawo la mwezi uliwonse.

Nkhani ya abale ndi yomwe imagwetsa ambiri, ndipo sindikulangiza kuti muwatsekere chitseko, popeza tsiku lomwe madzi adzalowe m'nyumba mwanu ndi iwowo amene adzakusungeni. Chomwe chimathandiza n'kuika malire odziwika. Gwirizanani ndi akunyumba kwanu kuti chithandizo cha abale a mbali zonse ziwiri chizikhala chakutichakuti pamwezi, muchilembe m'kope ngati mmene mumalembera fizi, ndipo chikatha muzinena mwaulemu kuti, “Malume, za mwezi uno zapita kale, tionane mwezi wamawa.”

Gawo 6: Gawani chuma m'malo omwe tsoka limodzi silingawagwere pamodzi

Pano ndi pomwe pagona nkhani yonse. Chuma cha m'chigwa chili ndi adani atatu, omwe ndi madzi kapena chilala, kugwa kwa kwacha, ndi matenda a ziweto. Ng'ombe zimalimba kwacha ikagwa koma zimakokoloka ndi madzi, pamene ndalama za kubanki madzi sazikhudza koma zimadyedwa ndi kukwera kwa mitengo. Musanaike ndalama pena paliponse, dzifunseni kuti mdani wa malowo ndi uti, ndiponso ngati chuma chanu china chili ndi mdani yemweyo.

Penshoni. Lamulo limalamula olemba ntchito kuti aziika ndalama zosachepera 10 peresenti ya malipiro anu kuthumba la penshoni, inu n'kuikapo 5 peresenti. Chaka chilichonse pemphani sitetimenti kukampani yosunga penshoniyo, muyerekeze ndi mapepala a malipiro anu, chifukwa alipo olemba ntchito ena amene amadula koma osatumiza. Zikatero mukhoza kukadandaula kubanki yaikulu ya Reserve, yomwe imayang'anira makampani a penshoni. Dziwaninso kuti zaka zochepetsetsa zopumira malinga ndi lamuloli ndi 50, choncho amene akufuna kusiya ntchito ali ndi zaka 45 asawerengere penshoni pa zaka zoyambirirazo asanafunse bwino malamulo a thumba lake. Ogwira ntchito m'boma afunse kuofesi yoona za antchito, popeza akale ndi atsopano sali mu ndondomeko imodzi. Mukasintha ntchito, samutsani penshoni yanu m'malo moitapa.

Kubwereketsa boma. Ma Treasury Bill ndi ngongole yomwe boma limatenga kudzera kubanki yaikulu, kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo amagulidwa kudzera kumabanki kapena kumakampani ovomerezeka. Kawirikawiri amapereka chiwongoladzanja choposa cha akaunti wamba yosungira ndalama. Amene sangakwanitse kugula yekha akhoza kulowa mu unit trust, monga ya Old Mutual, momwe ndalama za anthu ambiri zimaphatikizidwa, ndipo munthu amatha kumaponyamo pang'onopang'ono. Chiwongoladzanja chilichonse muzichiyerekeza ndi kukwera kwa mitengo mutachotsa msonkho. Mukasungitsa K1,000,000 pa 12 peresenti pamene mitengo ikukwera ndi 28 peresenti, kumapeto kwa chaka mudzakhala ndi K1,120,000, koma katundu yemwe anali pa K1,000,000 adzakhala pa K1,280,000. Pa pepala mwapindula, koma kumsika mwaluza.

Masheya. Msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange uli ku Blantyre, ndipo kampani yoyamba kugulitsa masheya ake kumeneko inali NICO mu 1996. Lero kuli makampani monga National Bank of Malawi, Standard Bank, NBS Bank, FDH Bank, Press Corporation, TNM, Airtel Malawi ndi Illovo Sugar Malawi. Kuti mugule, sankhani kampani yogulitsa masheya pa mndandanda wa zovomerezeka womwe msikawo umafalitsa, perekani chiphaso cha unzika ndi nambala ya akaunti ya kubanki, ndipo adzakutsegulirani akaunti yosungiramo masheya m'dzina lanu. Phindu limabwera pawiri: gawo la phindu la kampani lomwe limaperekedwa kwa eni masheya, ndi kukwera kwa mtengo wa masheyawo. Ubwino wake kwa munthu wa ku Makhanga kapena ku Bangula n'ngwakuti chumachi madzi sangachifike, ndipo makampani amakweza mitengo ya katundu wawo kwacha ikagwa.

Masheya amatsikanso mtengo, ndipo ena amavuta kugulitsa mwachangu chifukwa ogula amakhala ochepa, choncho ikanimo ndalama zomwe simudzazifuna kwa zaka khumi. Gulani m'makampani angapo a ntchito zosiyana, ndipo gawo la phindu likabwera mugulenso masheya ena. Wogwira ntchito ku Nchalo alingalire bwino chinthu ichi: ngati malipiro ake akuchokera ku shuga, alendi a m'nyumba zake nawonso akulipidwa ndi shuga, ndiye n'kugulanso masheya a shuga okhaokha, chaka chomwe nzimbe sizidzachita bwino zitseko zonse zitatu zidzatsekeka pamodzi.

SACCO (bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama) ndi banki m'khonde. Magulu amenewa amaphunzitsa mwambo wosunga, ndipo SACCO yolembetsedwa imabwereketsa pa chiwongoladzanja chotsika kuposa katapila. Funsani kuti muone chiphaso chake, ndiponso ngati ili pansi pa MUSCCO, bungwe lophatikiza ma SACCO. Vuto labanki m'khonde n'lakuti mamembala onse amakhala mudzi umodzi, kotero madzi akabwera onse amalephera kubweza nthawi imodzi. Vuto lina ndi nthawi yogawana, yomwe m'magulu ambiri imagwa mu Disembala, ndipo ndalama za chaka chonse zimathera pa zovala ndi mpunga wa chikondwerero. Lembani pasadakhale komwe gawo lanu lidzapite.

Ziweto. Chikwawa ndi Nsanje ndi kwawo kwa ng'ombe ndi mbuzi, ndipo makolo athu sanalakwitse poziona ngati banki, chifukwa zimaswana ndipo mtengo wake umakwera limodzi ndi zinthu zina. Yambani ndi mbuzi, zomwe zimaswa msanga ndiponso zimapirira chilala, kenaka muzisinthanitsa ndi ng'ombe zazikazi. Lembani m'kope malipiro a m'busa, mankhwala a nkhupakupa ndi katemera, kuti mudziwe phindu lenileni. Ng'ombe zamphongo gulitsani zidakali zonenepa, msipu usanaume ndi dzuwa la Okutobala, osati mu Januwale pomwe aliyense akugulitsa chiweto kuti agule chimanga. Kumbukiraninso kuti matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amabuka kawirikawiri m'chigwa muno, ndipo akabuka boma limatseka misika ya ziweto n'kuletsa kuzitulutsa m'dera. Nthawi imeneyo mukhoza kukhala ndi ng'ombe 20 koma osapeza ndalama ya fizi. Mvula isanayambe, pangananitu ndi wachibale kapena mnzanu wa kumtunda za malo okasungirako ziweto madzi akayamba kukwera.

Malo ndi nyumba. Musanagule puloti, funsani akuluakulu a pamalopo pomwe madzi anafika mu 2015 ndi mu 2023, ndipo yang'anani nokha zizindikiro pa makoma a nyumba zakale, pakuti madzi saiwala khwawa. Malo otchipa modabwitsa kufupi ndi Shire, Ruo kapena Mwanza ali ndi chifukwa chake. Pogula, pakhale amfumu, abale a wogulitsayo ndi mboni, zonse zilembedwe, ndipo mutsate ndondomeko yolembetsa malo, popeza lamulo la malo a makolo la 2016 limalola kutero. Kudera lomwe kukudutsa ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira, ya pulogalamu ya Shire Valley Transformation, eni minda aonetsetse kuti maina awo ndi malire a minda yawo zalembedwa molondola, ndipo ogula asathamangire malo pongomva mphekesera.

Nyumba ya lendi muiwerengere mosadzinyenga. Ngati yakudyerani K15,000,000 ndipo lendi ndi K80,000 pamwezi, werengerani miyezi khumi yokha chifukwa nthawi zina imakhala yopanda munthu, ndiye muchotse K100,000 yokonzera. Zotsala ndi K700,000, zomwe sizikufika 5 peresenti pachaka. Ubwino wake weniweni n'ngwakuti mtengo wa nyumbayo ndi lendi zimakwera pamene simenti ndi malata zikukwera.

Pa kagawidwe, maganizo anga ndi akuti mtundu umodzi wa chuma usapitirire theka la zonse, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu likhale m'zinthu zomwe sizili m'chigwa muno, monga masheya, penshoni ndi ma Treasury Bill.

Gawo 7: Yezani kamodzi pachaka

Sankhani mwezi umodzi, monga Julaye pomwe zokolola zalowa, ndipo chaka chilichonse muzikhala pansi ndi akunyumba kwanu. Phatikizani mtengo wa chuma chonse chobala, chotsani ngongole, ndiye mugawe ndi ndalama zomwe banja lagwiritsa ntchito m'miyezi 12 yapitayo. Yankho lake ndi zaka zomwe chumacho chingakusungeni. Ngati chaka chatha linali 3 ndipo chaka chino ndi 4, mukupita patsogolo. Ngati makwacha achuluka koma yankho latsika, mukubwerera m'mbuyo. Nyumba yomwe mukukhalamo ndi galimoto yoyendera musaziwerengere, chifukwa sizibala kanthu. Mtundu wina wa chuma ukakula kupitirira malire aja, ndalama zatsopano zizipita ku mitundu inayo.

Gawo 8: Yeserani kupuma musanalembe kalata

Mukaona kuti mwayandikira, khalani chaka chathunthu mukudya zochokera ku lendi, ziweto, munda, chiwongoladzanja ndi masheya zokha, pamene malipiro onse akupita kosunga. Chaka chimenechi chidzakuonetsani mipata yomwe kope silinaonetse. Werengeraninso zomwe ntchito imakupatsani mosaonekera. Nyumba ya kampani kapena ya pasukulu mudzaisiya, ndipo chithandizo cha kuchipatala chomwe abwana amalipira, monga cha MASM, chidzafuna kuti muzilipira nokha. Zipatala za mishoni monga Montfort ku Nchalo ndi Trinity ku Muona zimalipiritsa, ndipo matenda otumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre amafuna thiransipoti ndi chakudya cha wodikirira wodwala. Fizi ya ana omwe sanamalize sukulu ikhale ndi thumba lakelake losiyana ndi chuma chopumira.

Chenjezo: Musapereke kalata yosiya ntchito chifukwa mwakangana ndi abwana. Tsiku lopuma lichokere m'kope.

Gawo 9: Lembani wilo

Lembani chikalata cha wilo pamaso pa mboni ziwiri zomwe sizidzalandirapo kanthu, ndipo fomu yotchula odzalandira penshoni yanu muziikonzanso mukakwatira kapena mwana akabadwa. M'chigwa muno Asena amatsata chuma kuchimuna pamene Amang'anja mwambo wawo ndi wa kuchikazi, ndipo m'banja losakanikirana mbali iliyonse imabwera pamaliro ndi chiyembekezo chakechake. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu, koma chikalata cholembedwa bwino chimaletsa mkangano usanayambe. Akunyumba kwanu adziwe komwe kuli akaunti iliyonse ndi masheya alionse.

Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Cholakwika chowawa kwambiri ndi kuponya ndalama m'magulu olonjeza kuwirikiza chuma m'masabata ochepa, omwe amafalikira pa WhatsApp ndi pa Facebook, ndipo nthawi zambiri amabwera ndi munthu wa kutchalitchi kapena wa kuntchito amene mumamukhulupirira. Oyamba kulowa amalipidwa ndi ndalama za olowa pambuyo, n'chifukwa chake mnzanuyo amakhala ndi umboni weniweni woti analandira. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Gulu lililonse lomwe likufuna kuti mubweretse anthu ena kuti mupindule, kapena lomwe silingakuonetseni chiphaso chochokera kubanki yaikulu ya Reserve, lisiyeni. Chimodzimodzinso woimba foni n'kunena kuti watumiza ndalama molakwika kapena kuti mwawina mphoto: nambala yanu yachinsinsi isatuluke pakamwa panu.

Chachiwiri ndi kugula madola pamsika wamseri pofuna kuthawa kugwa kwa kwacha. Kusintha ndalama zakunja kwa anthu opanda chilolezo n'kuphwanya lamulo, ndipo ndalama zachinyengo zimapezeka kumeneko.

Ambirinso amasokoneza bizinesi ndi chuma chobala chokha. Minibasi ya pa msewu wa Blantyre ndi Nsanje, yomwe imakwera ndi kutsika phiri la ku Thabwa tsiku ndi tsiku, imafuna matayala, mabuleki, mafuta ndi maso a mwini wake. Chigayo ndi golosale nazo n'chimodzimodzi. Zimenezi zikhoza kupindulitsa munthu wozidziwa, koma ndi ntchito ina, ndipo wolowamo koyamba ndi ndalama zonse zopumira amakhala akulipira sukulu yodula kwambiri.

Kumanga nyumba yaikulu yogonamo poyamba, ya zipinda zisanu ndi mpanda, kumamangirira chuma cha zaka khumi pa chinthu chosabala. Kubwereketsa abale ndalama za m'thumba la pangozi popanda kulemba nakonso kumathetsa thumbalo ndi chibale chomwe.

Ena amabisira akunyumba kwawo chuma poopa kuti chidzawonongedwa, ndipo akamwalira mwadzidzidzi masheya ndi ndalama za kubanki zimangokhala osadziwika mwini, ng'ombe zomwe anasungitsa kwa mnzawo wa kumtunda n'kusanduka za wosungayo.

Chomaliza ndi kusiya kuwerengera mutapuma. Chaka chomwe mitengo yakwera kuposa phindu la chuma chanu, kapena madzi awononga munda, chepetsani zotapa ndipo mulole kugwira kantchito kakanthawi, kaya ndi kuphunzitsa ana madzulo kapena kulima anyezi ndi tomato kudimba m'nyengo yachilimwe, kusiyana n'kugulitsa ng'ombe zazikazi kapena masheya pa nthawi yomwe mtengo wake uli pansi.